Nkhokwe ya Zithunzi za Kumwamba ndi Mitengo ya kwa Malemia: Mafunso ndi Mayankho

Munthu akaima pa mlatho wa mtsinje wa Domasi, pamsewu waukulu wochokera ku Zomba kulowera ku Liwonde, nayang'ana kumadzulo kumene chigwa chimalowa pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, amaona malinga ndi zaka zake: mnyamata amaona phiri monga lilili, nkhalamba imaona phiri limene lidalipo, ndipo awiriwa akayamba kutsutsana za pamene nkhalango inkalekezera, mawu sawasowa, chimene amasowa ndi mboni. Nkhalamba imati masuku tinkatola popita kusukulu, ndipo nkhuni tinkathyola kuseri kwa nyumba. Mnyamata, pokhala woleredwa bwino, amavomera ndi pakamwa, koma mumtima akuti okalamba onse amakometsa zakale.

Ine ndili mbali ya nkhalamba, ndipo ndidakhala zaka zambiri ndikuyesa kuti mlandu umenewu tidzalowa nawo m'manda wosaweruzidwa, kufikira tsiku limene mdzukulu wanga wamkazi, amene akuphunzira za malo ndi mapu ku Zomba, adafika ndi laputopu yake, naikhazika pa mpando wa pakhonde, nati, "Agogo, tabwerani mudzaone phiri lanu la 1990." Mafunso amene ndidamupanikiza nawo tsiku limenelo, pamodzi ndi amene anzanga a kwa Malemia akhala akundifunsa chiyambire pamenepo, ndawasonkhanitsa muno, ndi mayankho ake monga ndidawafufuzira.

Kodi nkhokwe ya zithunzi za kumwamba n'chiyani, ndipo idayamba liti?

Pa 23 Julayi 1972 dziko la America lidaponya mumlengalenga chombo chopanda munthu, cha mtundu umene lero timautcha setilaiti, ndipo ngakhale kuti m'zaka zimenezo maso a anthu onse adali ku mwezi, kumene anthu adali atangopondako, chombo ichi adachituma kuti chiyang'ane pansi, pa minda, nkhalango, madambo ndi nyanja za dziko lathu lomwe lino. Poyamba adachitcha ERTS, koma mu 1975 adachipatsa dzina loti Landsat, ndipo dzinali lakhala likulowedwa ndi zombo zotsatira, monga momwe dzina la Malemia lilowedwera ndi mfumu pambuyo pa mfumu, munthu n'kusintha koma mpando n'kukhala womwewo. Chimene chidalowa ufumuwu posachedwa ndi Landsat 9, choponyedwa pa 27 Seputembala 2021, ndipo chikugwira ntchito limodzi ndi mkulu wake Landsat 8, wa mu 2013. Bungwe la NASA ndilo limapanga ndi kuponya zombozi, koma kusunga zimene zaona ndi udindo wa bungwe lina la boma lotchedwa USGS, limene lili ndi nyumba yosungiramo, dzina lake EROS, pafupi ndi mzinda wa Sioux Falls ku South Dakota. Ndipo ine ndidakondwera pakumva kuti nyumbayo idamangidwa kumidzi, pakati pa minda ya chimanga, pamalo poyenera nkhokwe.

Mayendedwe a chombochi afanana ndi a mlimi wokoka mizere. Chimauluka pa msinkhu wa makilomita 705, nichizungulira dziko lonse m'mphindi 99, kudzera chakumpoto kwenikweni ndi chakummwera kwenikweni, ndipo pa ulendo uliwonse chimajambula mzere wa makilomita 185 m'lifupi. Tsono pakuti dziko nalo likutembenuka pansi pake, mzere wotsatira umagwera chakumadzulo kwa woyamba uja, ndipo pakutha masiku 16 munda wonse umakhala utatha, mlimi n'kubwerera pamene adayambira. Amisiri adakonza njira yake mwakuti chidzere pamalo aliwonse pa ora lofanana, chakuma 10 koloko m'mawa, kuti mithunzi ya mapiri isasiyane pakati pa chithunzi cha mwezi uno ndi cha mwezi womwewu chaka chamawa. Nthawi imene amayi akutsika m'phiri ndi mitolo ya nkhuni, chombocho chimadutsa pamwamba pawo osamveka ngakhale pang'ono, ndipo pakuti zilipo ziwiri zosinthana, phiri la Malosa limajambulidwa kamodzi pa masiku 8 alionse.

Chinthu chouluka kutali chotero chingasiyanitse bwanji tsamba lamoyo ndi louma?

Apa m'pamene pagona nzeru yonse, ndipo ndipempha awerengi asathamange, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuwala kwa dzuwa, kumene ife timakuona koyera, ndi mtolo wa mitundu yambiri, monga utawaleza umatisonyezera, ndipo kupitirira pa mtundu wofiira kuli kuwala kwinanso kumene diso la munthu silidapatsidwe mphamvu yokuona, kumene akatswiri amakutcha infrared. Tsamba lamoyo limameza kuwala kofiira, pakuti ndiko limaphikira chakudya chake, koma kosaoneka kuja limakubweza kochuluka ngati kalilole. Likafota n'kuuma, limaleka kumeza kofiira, ndipo kosaonekako limabweza kochepa. Dothi lopanda kanthu limabweza mitundu iwiriyi mosasiyana kwambiri, pamene madzi amameza kosaonekako pafupifupi konse.

Tsono makina a m'chombo sajambula monga ajambulira mnyamata wa kamera pa msika wa Songani. Iwo amayeza mtundu uliwonse wa kuwala pawokha, nalemba manambala. Makina oyamba a mtundu umenewu adawalingalira mayi wina, Virginia Norwood, wa ku kampani ya Hughes, pa nthawi imene akuluakulu ambiri adaika mtima wawo pa kamera ya mtundu wa kanema imene idakwezedwa m'chombo chomwecho. Kamerayo idazimitsidwa pasanathe mwezi chifukwa cha vuto la magetsi, ndipo makina a mayiwo, amene adakwera ngati ongoyesera, ndiwo adasenza ntchito yonse. Kuchokera m'manambalawo amawerengera muyeso wotchedwa NDVI: amachotsa kofiira pa kosaoneka, nagawa chotsalacho ndi zonse ziwiri zitaphatikizidwa, ndipo yankho limakhala pakati pa -1 ndi +1. Madzi a m'damu la Mulunguzi amagwera kunsi kwa 0, bwalo la mpira lopanda udzu limakwera pang'ono pamwamba pa 0, ndipo nkhalango yowirira ya m'makwawa a phiri la Zomba imayandikira 0.8. Muyesowu adauyamba ofufuza a ku Texas mu 1973, ndipo Compton Tucker wa ku NASA adaukhazikitsa mu 1979.

Kodi munda wanga ukuonekamo? Nanga ine mwini?

Inu eni simuonekamo, ngakhale mutaima pabwalo n'kukweza manja onse. Chithunzi cha Landsat n'cholukidwa ndi timadontho, ndipo kadontho kalikonse n'kamalo ka mamita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi, kotero kuti munda wa ekala imodzi umakwana timadontho tinayi ndi theka basi. Zonse zili m'kadonthoko, chimanga, nandolo, mtengo wa mango, chulu ndi denga la khola la mbuzi, zimasakanizika n'kukhala nambala imodzi, monga ndiwo zothiridwa mumphika umodzi. Zombo za m'ma 1970 zidali ndi timadontho tokulirapo, ta mamita pafupifupi 80. Za ku Ulaya zotchedwa Sentinel-2, zimene zidayamba mu 2015, zimafika pa mamita 10 ndipo zimabwerera pa masiku 5, chinthu chothandiza kwambiri kwa ife a timinda ting'onoting'ono tosakaniza mbewu. Koma pa zaka nkhokwe yawo idakali mwana.

Bwanji osangojambula lero n'kuona mmene zinthu zilili? Zakale zonsezi akuzisungiranji?

Chifukwa chithunzi chimodzi chimanamiza, ngakhale chilibe mtima wonama. Jambulani chigwa cha Domasi mu Febuluwale, chimanga chikumasula, ndipo mudzalumbira kuti kulibe dziko lobiriwira ngati lino, pakuti m'dzinja ngakhale phiri lometedwa mpala limavala udzu. Jambulaninso mu Okutobala, lupsa litadutsa ndipo chizimalupsa chisanagwe, mudzati ndi chipululu chimene munthu sangakhalemo. Mitengo yathu nayo ili ndi makhalidwe ake osiyana: miombo imayoyola masamba m'chilimwe, niphuka masamba ofiira chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala mvula ili kutali, mango savula konse, ndipo nsangu, mtengo wamakani uja, imavula m'dzinja pamene anzake onse avala, nibiriwira pamene anzake ali maliseche. Kotero kadontho kalikonse kali ndi kapumidwe kake ka pachaka, kukwera ndi kutsika, ndipo yekhayo amene wasunga zithunzi za miyezi yonse kwa zaka zambiri ndiye angasiyanitse kupuma kwa masiku onse ndi kukomoka kwa wodwala. Munda wa chimanga umakwera mofulumira mu Disembala ndi Januwale, nutsika mofulumiranso pakukolola. Nkhalango imakwera msanga ndipo imachedwa kutsika. Kadontho kamene kadapuma ngati nkhalango kwa zaka makumi awiri kakayamba mwadzidzidzi kupuma ngati munda, dziwani kuti chaka chimenecho ndicho nkhwangwa idafika, ndipo palibe chifukwa chofunsanso wina.

Nyanja ya Chilwa, kumene madzi a Domasi amathera, itithandize pano. Nyanja imeneyi, yopanda mtsinje wotulukamo, idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu idasanduka matope ong'aluka. Kuphwa kwa 1968 kudachitika nkhokwe isanamangidwe, ndipo za chaka chimenecho tidalira pakamwa pa asodzi okalamba ndi zolemba za ophunzira, monganso za nkhalango ya kalelo tidalira makalata a amishoni amene adakhazikika pa Domasi mu 1884 ndi zithunzi zapandege zimene atsamunda adajambula popanga mapu. Zonsezi n'zamtengo, koma n'zapatalipatali, ndipo aliyense adayeza ndi muyeso wake. Za 2018 zili m'nkhokwe mwezi ndi mwezi, ndipo munthu angathe kuziyala pamphasa, n'kuona madzi akuthawa doko la Kachulu, n'kuwaonanso akubwerera.

Ndanena za muyeso, ndipo ndichedwepo pang'ono, pakuti aliyense wogula chimanga pa ndowa adziwa kuti wogulitsa akasintha ndowa, mtengo wa chaka chino sungayerekezedwe ndi wa chaka chatha. Zombo zimakalamba, maso ake n'kuchita khungu pang'onopang'ono, ndipo chatsopano sichiona ndendende ngati chakale. N'chifukwa chake amisiri amaloza zombo zonse pa malo osasintha, monga mchenga wa m'chipululu cha ku Libya, kuti aone ngati diso lasokonekera. Ndipo Landsat 9 itangoponyedwa, mu Novembala 2021, adaiyendetsa masiku angapo kunsi kwa Landsat 8 kuti ziwirizo zijambule malo amodzi nthawi imodzi, ndowa yatsopano ilinganizidwe ndi yakale. Ntchito imeneyi ilibe ulemerero, ndipo palibe amene amaiimbira nthungululu, koma popanda iyo zithunzi za zaka makumi asanu zikadakhala mulu chabe.

Ngati zombozo n'za dziko limodzi, bwanji akuti nkhokwe idachita kusonkhanitsidwa kuchokera m'maiko ambiri?

Landsat 5, imene idaponyedwa pa 1 Malichi 1984 ndi chiyembekezo chakuti idzagwira ntchito zaka zitatu, koma idagwira kufikira 2013, idalibe mosungira zimene yaona. Inkachita kutumiza pansi nthawi yomweyo, ndipo njira yotumizira kudzera m'zombo zinzake itawonongeka, idatsala yodalira malo olandirira a pansi amene adali pafupi ndi njira yake. Malo amenewa adali a maiko osiyanasiyana, ndipo a chigawo chathu chino cha kummwera kwa Africa adali ku Hartebeesthoek, chakumadzulo kwa Pretoria, kumene adayamba kulandira zithunzi za Landsat mu 1980. Aliyense ankasunga zake pa matepi, m'nyumba yake, mwa kalembedwe kake. Kumene kudalibe wolandira, monga m'madera ambiri a pakati ndi kumadzulo kwa Africa, chombo chinkadutsa chikulankhula chokha, ndipo zaka zimenezo zidatayika osabwereranso, pakuti dzulo silijambulika.

Masoka ena adadza pamwamba pa amenewa. Landsat 6 idalephera kufika m'njira yake mu 1993, nitayika isanajambule kanthu. Landsat 7, ya mu 1999, idawonongeka kachipangizo kena pa 31 Meyi 2003, ndipo kuyambira pamenepo zithunzi zake zidakhala ndi mipata yakuda ngati mizere ya mbidzi, yodya pafupifupi magawo 22 pa 100 alionse. Nkhalamba ija Landsat 5 ndiyo idagwiriziza mudzi zaka zonsezo.

Mu 2010 a USGS adayamba ntchito yopempha matepi onse a m'maiko kuti akopedwe n'kuikidwa pamodzi. Adapeza ena atayamba kumatirira chifukwa cha chinyezi, mwakuti adachita kuwafunditsa m'uvuni wa moto wochepa asanawawerenge, ndipo ena adalembedwa ndi makina amene adaleka kupangidwa kalekale, amisiri n'kumafunafuna zitsulo zakale kuti awadzutse. Pofika kuchiyambi kwa 2015 m'nkhokwe mudali zithunzi zoposa 5.5 miliyoni, ndipo mwa zimenezi pafupifupi 3.2 miliyoni zidachokera m'kusonkhanitsa kumeneku. Munthu akaganizira za alonda osadziwika amene adasunga matepi m'zipinda zozizira kwa zaka makumi atatu, opanda wowayamika, ena akuwauza kuti akungodzaza malo, amakumbukira Yosefe wa ku Aigupto, amene nkhokwe zake zidaoneka zopanda pake nthawi yonse ya zaka za mwanaalirenji.

Kodi munthu wamba angatapemo, ndipo pa mtengo wanji?

Lero n'zaulere, koma sizidakhale choncho nthawi zonse. Mu 1985 boma la America lidapereka malonda a zithunzi m'manja mwa kampani yotchedwa EOSAT, ndipo mtengo wa chithunzi chimodzi udakwera kupitirira madola 4,000, ndalama zimene wofufuza wa m'dziko losauka sakadaziona ngakhale kumaloto. Amene adali nazo ankagula ziwiri, chakale chimodzi ndi chatsopano chimodzi, n'kumangirapo nkhani yonse, ndipo taona kale mmene chithunzi chimodzi chinamizira. M'nthawi ya Landsat 7 mtengo udatsika kufika madola 600. Dziko la Brazil ndilo lidatsogola kutsegula zithunzi za zombo zake mu 2004, ndipo mu 2008 a USGS nawo adachotsa mtengo. Chaka chimene adagulitsa kwambiri m'nthawi ya malonda, 2001, zidatuluka zithunzi pafupifupi 25,000. Pofika mu 2020 anthu adali atatapa zoposa 100 miliyoni. Kwa ine chigamulo cha 2008 chiposa kuponya kwa chombo chilichonse, pakuti kwa munthu wanjala nkhokwe yotseka ndi yopanda kanthu n'chimodzimodzi.

Komabe ulere umenewu uli ndi mchira wake kuno kwathu. Chithunzi chimodzi cha Landsat 8 chimalemera pafupifupi gigabayiti imodzi, ndipo amene adagulapo bandulo ya intaneti adziwa tanthauzo lake, osanenapo za magetsi. Chothandiza n'chakuti masiku ano kuli njira monga Google Earth Engine ndi Digital Earth Africa, imene idayamba mu 2019, momwe kuwerengera kumachitikira ku makompyuta aakulu a kutali, wophunzira n'kungolandira yankho.

Nanga mitambo?

Mitambo ndiye mdani wamkulu, ndipo amadza pa nthawi yoipitsitsa. M'dzinja, pamene tifunitsitsa kuona mbewu, thambo limatseka; mu Juni ndi Julayi chiperoni chimakuta phiri la Zomba masiku angapo otsatizana; mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umachititsa chimbuuzi. Akatswiri amachita monga telala wa zigamba: amatola timadontho toyera m'zithunzi zambiri za nyengo imodzi, nasoka chithunzi chimodzi chopanda mtambo, ndipo apanso kuchuluka kwa zosungidwa ndiko kumapulumutsa. Kuyambira 2014 kulinso Sentinel-1, imene imatumiza mafunde akeake a radar opyola mitambo usana ndi usiku.

Tsono za phiri lathu nkhokwe ikuti chiyani?

Ikuvomereza nkhalamba, koma osati m'zonse. Pakhonde paja mdzukulu wanga adaika zithunzi ziwiri za m'chilimwe pambalipambali, zomera zitapakidwa utoto wofiira monga mwa mwambo wa ntchito yawo, ndipo m'chithunzi chakale kufiira kudatsika m'mapiri ngati nsalu yoyalidwa, pamene m'chatsopano kudathawira pamwamba ndi m'makwawa. Ndidakhala chete kanthawi. Kenaka ndidaona timazilumba tofiira kwambiri tomwazikana pakati pa midzi, tosasintha m'zithunzi zonse ziwiri, ndipo nditafunsa adandiyankha motsitsa mawu, "Amenewo ndi manda, agogo." Kumene nkhwangwa imaopa akufa, mitengo idatsala. Adandionetsanso timadontho ta mango ndi bulugamu m'midzi ina mmene kale mudali poyera, ndipo pamenepo nkhalamba idagonja pang'ono, pakuti maso anga, pozolowera kulira phiri, adali asanawerengepo mitengo ya pakhomo.

Pa dziko lonse, ntchito yotchuka ndi ya Matthew Hansen wa ku University of Maryland ndi anzake, amene mu 2013 adasanthula zithunzi za Landsat zoposa 650,000, napeza kuti pakati pa 2000 ndi 2012 dziko lidataya nkhalango yokwana masikweya kilomita 2.3 miliyoni, nilibwezera 0.8 miliyoni. Mapu awo ndiwo maziko a tsamba la pa intaneti la Global Forest Watch, limene lidatsegulidwa mu 2014, ndipo aliyense wa foni yabwino angathe kufunamo Zomba. Koma awerenge mochenjera. Kwa mapu amenewa mtengo ndi chomera chilichonse chopitirira mamita 5, kotero kuti paini wodzalidwa pamwamba pa phiri la Zomba akadulidwa pa nthawi yake yokolola, amalembedwa kutayika mofanana ndi nkhalango yachilengedwe imene idakula zaka mazana. Ndipo pamalo pamene padali misuku pakadzalidwa bulugamu, kubiriwira kumabwerera, nambala n'kukwera, koma masuku, bowa wa m'miombo ndi mankhwala a azitsamba sizibwerera. Choopsa chinanso n'chakuti wowotcha makala kawirikawiri sameta phiri lonse tsiku limodzi. Amasankha mitengo ikuluikulu yolimba, nasiya zitsamba ndi mphukira zimene zimabiriwira kwambiri mvula ikagwa, ndipo kuchokera kumwamba kadonthoko kamaoneka kathanzi pamene m'kati mwatha. Akale adanena za chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi zimenezi zingatichenjeze za njala?

Zingathe, ndipo zakhala zikutero. Pa ntchito imeneyi amagwiritsa zombo zina za timadontho tikulutikulu koma zodutsa tsiku ndi tsiku: za bungwe la NOAA, zimene mbiri yake ya kubiriwira kwa dziko idayamba mu 1981, ndi makina a MODIS kuyambira 2000. Bungwe la FEWS NET, limene lidakhazikitsidwa mu 1985 itachitika njala ya ku Ethiopia, limayerekeza kubiriwira kwa masiku ano ndi kwa masiku omwewa m'zaka zonse zam'mbuyo, ndipo chigawo chikatsalira chimaonekera miyezi ingapo nkhokwe za anthu zisanapse. Njala ya 1949 idapeza makolo athu opanda diso lotere. Ng'amba za 2016 ndi 2024 zidaoneka zikudza. Koma kubiriwira si ngala ya chimanga, pakuti udzu nawo ndi wobiriwira, ndipo munda wodyedwa ndi mbozi suyamba wayera. N'chifukwa chake a komiti younika za njala ya MVAC amayendabe m'midzi kufunsa zimene zili m'nkhokwe ndi mitengo ya pamsika.

Ife Amalawi tili ndi gawo lanji, poti zombo n'za eni ake?

Gawo lathu ndi la pansi, ndipo si laling'ono. Kompyuta sidziwa msuku kapena nsungwi pokhapokha munthu ataima pamalopo n'kuiuza kuti kadontho aka ndi chakuti, ndipo ikaphunzitsidwa ndi zitsanzo za nkhalango za ku Ulaya imasokonezeka ikafika m'miombo. Ntchito yoyenda ndi kuyeza imeneyi ndi ya anthu monga ofufuza za nkhalango a ku FRIM ku Zomba, a nthambi ya zankhalango, a nthambi yoona za mapu ndi ophunzira a m'mayunivesite athu, ndipo Malawi ndi membala wa bungwe la RCMRD la ku Nairobi, limene lakhala likuphunzitsa za mapu ndi zithunzi zotere chiyambire 1975. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri: wina kumwamba, wina pansi.

Mu 2016 dziko lathu lidalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango zowonongeka pofika 2030, ndipo chaka ndi chaka, m'nyengo yodzala mitengo, timamva kuchuluka kwa mbande zimene zadzalidwa. Mbande zimawerengedwa tsiku lodzala, pali nyimbo ndi alendo. Nkhokwe ya kumwamba imawerenga patapita zaka zisanu, mbuzi, chiswe ndi moto zitatenga gawo lake, ndipo ine ndikhulupirira kuwerenga kwachiwiriku. Koma ndichenjezenso amene angafune kuisandutsa chikwapu chokwapulira amphawi. Chithunzi chimaonetsa pamene mtengo udagwa, ndipo chimathera pomwepo. Sichionetsa kuti chimanga cha wodulayo chidatha mu Novembala, kapena kuti thumba limene adalikankha pa njinga usiku lidakayaka pa mbaula ya m'tauni, m'nyumba ya munthu wa malipiro amene m'mawa mwake adzadandaula za phiri.

Mwezi wa Meyi wapitawu mdzukulu wanga adandipempha kuti ndimuperekeze ku kadontho kena kam'munsi mwa phiri, kamene kompyuta yake idakalemba kuti nkhalango. Tidayenda ola ndi theka, iye akuyang'ana foni, ine ndikuyang'ana njira, kufikira adati, "Ndi pano." Tidapeza zitsa, ndi mphukira zofika m'chifuwa zitaphuka mothithikana pa chitsa chilichonse, ndipo chapakati padali bwalo lakuda la uvuni wakale wa makala, udzu utayamba kumera m'mphepete. Adayeza zitsa ndi tepi, najambula kumpoto, kum'mawa, kummwera ndi kumadzulo, kenaka adatulutsa kope nati, "Agogo, tandiuzani maina." Ndidagwira masamba amodziamodzi: uwu mombo, uwu msuku, uwo muwanga, uwo mthethe wongobwera pambuyo. Adalemba zonse, pamodzi ndi tsiku ndi manambala a malowo, ndipo tidayamba kutsika dzuwa lisanapendeke, chifukwa mawondo anga amavuta potsika kuposa pokwera.